Kosi ya UCAT ya £395: tilipire kapena tisiye?

Mayi a Tadala (Leicester): Moni nonse abale. Pepani ndikulemba usiku, ndili pa shifiti ndipo odwala anga agona. Ndikufuna nzeru. Tadala ali mu Year 12, chaka choyamba cha A level, akufuna udokotala, ndiye tchuthi chachikulu chikubwerachi ayenera kulemba mayeso aja amati UCAT. Dzana wabwera ndi kapepala komwe wapatsidwa ndi mnzake wa m'kalasi. Kampani ina ikuchititsa kosi ya masiku awiri, Loweruka ndi Lamulungu, £395. Ukafuna mphunzitsi wakowako ndi £45 pa ola. Mwanayu sanandikakamize ayi, wangokamata kapepalako pachitseko cha firiji. Koma amene muli ndi ana mukudziwa chimene kapepala ka pafiriji kamatanthauza. Ndalamayo ndikhoza kuipeza nditawonjezera mashifiti atatu, koma mwezi womwe uno kumudzi akudikiranso fizi ya mwana wa malemu achimwene. Amene munadutsamo, makosi amenewa amathandizadi?

Bambo a Yankho (Luton): Mayi, lipirani. Ine ndinalipirira Yankho mu 2023 ndipo lero ali chaka choyamba cha udokotala. Ana a anzathu kuno amakonzekera ndi aphunzitsi apadera kuyambira ali aang'ono. Ife tikamaumira ndiye kuti tikutumiza mwana kunkhondo wopanda mkondo. Fizi ya kumudzi ikhoza kudikira mwezi umodzi, mayesowa amalembedwa kamodzi pachaka.

Anti Nabanda (Glasgow): A Bambo a Yankho, fizi ya kumudzi siidikira, ahedi amabweza mwana pageti kkkk. Koma nkhaniyi tiyeni timuitane Thoko, mwana wa m'gulu momwe muno, ndi amene wachidziwa chinthuchi ndi manja ake. Thoko uli pompo?

Thoko: Ndilipo anti, moni makolo nonse. Ndili chaka chachitatu tsopano, UCAT ndinalemba mu 2021. Anti a ku Leicester, musanatulutse ndalama ndijambulireni kapepalako mbali zonse ziwiri ndikaone.

Mayi a Tadala (Leicester): Kali kunyumba mwanangu, koma ndinakajambula pafoni. Ndakutumizira. Kumbuyo kwake alemba zomwe adzaphunzitse: Verbal Reasoning, Decision Making, Quantitative Reasoning, Abstract Reasoning, Situational Judgement. Pansi akuti ana awo ambiri amapeza kupitirira 2800.

Thoko: Ndakaona. Anti, pali vuto kale. Chaka chino cha 2025 gawo la Abstract Reasoning alichotsa. Lija la timizere ndi timabokosi loti upeze chomwe chikufanana. Kulibenso. Atsala ndi magawo atatu owerengetsa malikisi, lililonse kuyambira 300 kufika 900, ndiye onse pamodzi sangapitirire 2700. Kale zinali 3600 chifukwa magawo anali anayi. Tsono munthu akamati ana athu amapeza 2800, akunena za mayeso akale. Mwina angoiwala kusintha kapepala, koma ngati kapepala sanasinthe, zophunzitsira zawo asintha? Aimbireni foni muwafunse funso limodzi lokha: Decision Making chaka chino ili ndi mafunso angati, mphindi zingati? Yankho lake ndi mafunso 35, mphindi 37. Akayamba kuchita chibwibwi mudziwiretu.

Bambo a Yankho (Luton): Aaa, achotsa? Ndiye gawo limene Yankho anakhoza bwino kuposa onse limenelo.

Thoko: Eya ankolo, linali gawo lomwe munthu akaphunzitsidwa timachenjera take malikisi amakwera msanga. Makosi ambiri mphamvu yawo inali pomwepo. Zomwe zatsalazi n'zovuta kumuphunzitsa munthu pa masiku awiri.

Ankolo Phiri (Manchester): Mundilole ndilowererepo monga mphunzitsi wa masamu wa zaka zambiri, kumudzi ndi kuno. Nkhaniyi ikundikumbutsa masiku aja a entrance ya UNIMA. Munthu wakhoza MSCE bwinobwino, koma kuti ulowe Chanco kapena Poly umayenera kulembanso mayeso ena a chiyankhulo, masamu ndi kaganizidwe. Nyengo imeneyo ikafika, mapepala amamatidwa pamitengo ndi m'madepoti, aliyense wasanduka katswiri wa entrance. Tinkadzaza m'maholo a tchalitchi, anthu mazana, mphunzitsi mmodzi ndi choko. Ine ndinalipira. Chimene ndinatolako n'chimodzi: anatiuza kuti funso likakuvuta lidumphe. Basi. Zina zonse ndinazidziwa nditakhala pansi ndi mapepala akale, wotchi ya abambo anga ili patebulo. Sindikuti ndalama ija inapita m'madzi, chifukwa mawu amodzi aja anandipulumutsa. Koma mawu amenewo lero ndikukupatsani ulere.

Mayi a Tadala (Leicester): Kkkk zikomo ankolo, ndalandira ulerewo. Koma ndimveni bwino. Ine sukulu yanga ya unesi ndinachitira kumudzi, zinthu izi sindikuzidziwa. Tadala masamu ndi Chemistry amakhoza ndithu. Ndiye mayeso amenewa ovuta ndi chiyani kwenikweni? Akufunsa za thupi la munthu?

Thoko: Ayi anti, mulibe Biology, mulibe Chemistry, mulibe choloweza. Mdani ndi nthawi. Ndikupatseni chithunzi. Verbal Reasoning ili ndi mafunso 44 pa mphindi 22. Ndiye kuti funso lililonse masekondi 30, kuwerenga ndime yake kuli momwemo. Ndime zake ndi 11, zazitali ndithu, nkhani zake zosasangalatsa, mwina mbiri ya njanji kapena malamulo a usodzi. Mwana wozolowera kuwerenga modekha, kudula mzere kunsi kwa mawu ofunika monga amachitira mu A level, amafika ndime yachisanu ndi chimodzi nthawi n'kutha. Quantitative Reasoning ndi mafunso 36 pa mphindi 26. Masamu ake ndi a GCSE, maperesenti, liwiro, kusintha ndalama, kuwerenga matebulo. Tadala atapatsidwa mphindi zitatu pa funso akhoza kupeza onse. Koma ali ndi masekondi 40 ndi pang'ono. Kenako Situational Judgement, mafunso 69 pa mphindi 26, iyi sapereka malikisi ngati enawo, amakuika mu Band 1, yomwe ndi yapamwamba, mpaka Band 4. Zonse pamodzi sizikwana bwino maola awiri, pakompyuta, kumalo a Pearson VUE, komwe kuja anthu amalembera theory ya galimoto. Ukangotuluka m'chipindamo amakupatsa pepala la zotsatira pompo.

Ndiye taganizani: chinthu chofuna liwiro la maso ndi zala, mungachiphunzire Loweruka ndi Lamulungu muli khale pampando kumvetsera munthu? Zili ngati kuphunzira kupalasa njinga pomvera wailesi.

Bambo a Yankho (Luton): Thoko mwanangu, ukunena zoona koma ukuiwala chimodzi. Iwe unali mwana wodzituma wekha. Yankho wanga ukamusiya ndi kompyuta kuti akonzekere, pakatha mphindi khumi ali pa mpira. Kosi ija inamudzidzimutsa. Anapita kumeneko akudziona ngati dolo, anakapeza ana anzake atachita kale mafunso masauzande, anabwerako ali chete. Kuyambira Lolemba lake anayamba kudzuka 6 koloko. Kwa ine £300 imene ndinalipira inagula mantha, ndipo mantha amenewo anagwira ntchito.

Anti Nabanda (Glasgow): Mantha a £300! Mukanandiuza ine ndikanamuopseza ndi £20 yokha.

Thoko: Kkkk anti. Koma ankolo ali ndi mfundo, sindikuitaya. Pali ana amene amafunika munthu wowayang'anira. Kungoti mantha omwewo alipo aulere: pa webusaiti ya UCAT pali mayeso oyeserera athunthu opangidwa ndi eni mayesowo, komanso mafunso ambiri a gawo lililonse. Mwana akhale pansi alembe amodzi ndi nthawi yake yeniyeni, osaimitsa, osapita kukamwa madzi. Malikisi amene atuluke amudzidzimutsa okha. Ine oyamba ndinalira. Ndipo eni mayesowo amanena poyera kuti sagwirizana ndi kampani iliyonse yochititsa makosi, ndiye wina akakuuzani kuti ndife ovomerezeka ndi a UCAT, ameneyo akunama.

Mayi a Wongani (Coventry): Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma ndiyankhuleko poti ine ndi amene ndinapsa. Chaka chatha ndinalipirira Wongani kosi ya pa Zoom, sinditchula dzina. Pa webusaiti analemba kuti magulu ang'onoang'ono. Tsiku loyamba ndinasuzumira pa laputopu yake, timabokosi ta nkhope tosawerengeka, masamba angapo. Mphunzitsi anali mnyamata wa chaka choyamba, waulemu ndithu, koma ankangowerenga zolembedwa. Mwana akafuna kufunsa alembe mu chat, funso lake n'kukwiriridwa ndi a anzake. Analonjezanso kuti mwana akapanda kufika malikisi akuti adzabweza ndalama. Nditawalembera anandionetsa timalemba tating'onoting'ono toti mwana amayenera kumaliza mafunso onse a pa webusaiti yawo ndi kutumiza umboni pasanathe masiku angapo chilembereni mayeso. Ndani anawerenga zimenezo? Ndinangoti Mulungu akuona. Ndiye Mayi a Tadala, ngati mulipire, funsani kuti m'kalasi mukhala ana angati, ndipo akuyankheni polemba.

Mayi a Tadala (Leicester): Pepani asisi. Nanga Wongani zinamuthera bwanji?

Mayi a Wongani (Coventry): Malikisi sanakwane, mayunivesite anayi onse amene anafunsirako malo anamukana asanamuitane n'komwe ku intavyu. Akumaliza A level mwezi wamawa, akuti apume chaka, agwire ntchito ku care home, alembenso mu Ogasiti. Ulendo uno tangolipira mafunso a pa intaneti basi. Kulira kunalipo koma wadzuka.

Thoko: Mumuuze asataye mtima anti, m'kalasi mwathu alipo ambiri olowa ulendo wachiwiri. Ndipo ntchito ya ku care home idzamupatsa zokamba zenizeni pa intavyu.

Pa za mafunso a pa intaneti, ndiye pamene ine ndingaike ndalama. Pali makampani monga Medify ndi MedEntry, umalipira kwa milungu kapena miyezi imene ukufuna, amakupatsa mafunso masauzande ndi mayeso oyeserera ooneka ngati enieniwo, ndipo amakuonetsa mtundu wa mafunso amene ukulakwa kawirikawiri. Mtengo wake sufika n'komwe pafupi ndi £395. Sankhani imodzi yokha, osati ziwiri. Ine ndinachita milungu isanu ndi umodzi, maola awiri kapena atatu patsiku. Amene amayamba mu Janyuwale amafika Ogasiti atatopa, mafunso atatha. Mayeso oyeserera a eni ake aja asunge angapo a milungu iwiri yomaliza, chifukwa ndi amene amafanana kwambiri ndi zimene akakumane nazo.

Chinthu china chimene palibe anandiuza: ndinali ndi kope limene ndinkalembamo funso lililonse lomwe ndalakwa ndi chifukwa chake. Osati yankho lolondola, koma chifukwa. Sindinaone mawu oti "except". Ndinagawa m'malo mochulukitsa. Ndinakakamira funso limodzi mphindi ziwiri. Patatha milungu iwiri ndinaona kuti zolakwa zanga zinali zitatu zomwezomwezo zikungosintha malaya.

Ankolo Phiri (Manchester): Kope limenelo ndi mphunzitsi woposa ine. Ndiwonjezere za kakyuleta. M'chipinda cha mayeso salola yako, umagwiritsa ya pa sikirini, yachikalekale, yopanda zambiri. Ukamadina ndi mausi nthawi imatha. Ana ochenjera amagwiritsa manambala a kudzanja lamanja la kiyibodi. Tsono malaputopu ambiri a ana athuwa alibe mbali imeneyo. Mayi, gulani kiyibodi yolumikiza ndi waya, yotchipa yomweyo, ndi mausi. Ayeserere pa zimenezo, patebulo, osati pabedi ndi foni. Ndipo matebulo a kuchulukitsa ndi maperesenti osavuta azichita pamtima. 15 peresenti ya 240 si yopitira ku kakyuleta.

Thoko: Eya! Ndi mabatani achidule: Alt ndi N kupita funso lotsatira, Alt ndi P kubwerera, Alt ndi F kuika chizindikiro kuti udzabwererenso, Alt ndi C kutsegula kakyuleta. Komanso sachotsa malikisi ukalakwa, ndiye osasiya funso lopanda yankho. Lavuta, lota, ika chizindikiro, pita.

Mayi a Tadala (Leicester): Ndikulemba zonsezi kuseri kwa pepala la handover kkkk. Nanga gawo lija la Band, limenelo amakonzekera bwanji? Tadala akuti anzake akumuuza kuti n'losavuta, ndi nzeru zachibadwa basi.

Anti Nabanda (Glasgow): Apa ndiye ndiyankhe ine, chifukwa mwana wa mchemwali wanga anagwera pomwepo. Nzeru zachibadwa za kwa ndani? Ana athu tawalera Chimalawi. Wamkulu sadzudzulidwa, za m'nyumba sizituluka, mnzako akalakwa umamubisa. Tsono funso limabwera loti iwe ndiwe wophunzira, dokotala wamkulu wabwera mu wodi akununkha mowa, kapena mnzako wakupempha kuti umusainire kuti anabwera m'kalasi pomwe sanabwere. Mwana woleredwa bwino kwathu mtima wake umamuuza kuti khala chete, si zako, ndi akuluakulu. Mayesowo akufuna zosiyana: chitetezo cha wodwala patsogolo, chilungamo patsogolo, nkhani ipite kwa woyenera, ngakhale wolakwayo ali ndi imvi. Inu Mayi a Tadala mukuzidziwa izi, ndi zomwe zija tinavutika nazo titangofika kuno, kumuuza dokotala kuti mankhwala mwalembawa muwaonenso. Ine chaka choyamba lilime linkakana.

Mayi a Tadala (Leicester): Asisi mwandigwira pamtima. Ine tsiku loyamba kulemba lipoti la cholakwika cha munthu wondiposa udindo sindinagone. Ndinkaona ngati ndachita ufiti.

Thoko: Ndi zomwezo anti. Ndiye m'gawo limeneli inuyo ndi mphunzitsi wabwino kuposa wa £45 uja. Tadala awerenge kabuku ka GMC, bungwe loyang'anira madokotala kuno ku UK, kotchedwa Good Medical Practice, kali pa intaneti ulere, mayankho ambiri amachokera mu mzimu wa kabuku kameneko. Kenako muzikambirana nkhani za ku ntchito kwanu pa chakudya chamadzulo, osatchula maina a odwala. Musalitaye gawo limeneli, masukulu ena munthu wa Band 4 samuganizira n'komwe ngakhale malikisi ena ali pamwamba.

Achimwene a ku Indiana: Moni a ku UK. Ine ndikungodabwa kuti mukudandaula maola awiri. Kuno ku America mwana amayamba wamaliza digiri yoyamba, kenako alembe MCAT, maola asanu ndi awiri ndi theka, muli Biology, Chemistry, Physics, Psychology, malikisi kuyambira 472 kufika 528. Makosi ake ndi madola masauzande. Kumeneko kosi ndimaimvetsa chifukwa pali zoti munthu akuphunzitse. Zanuzo zikumveka ngati mpikisano wothamanga.

Thoko: Ndi mpikisano wothamangadi achimwene. Kuno zofanana ndi zanuzo pang'ono ndi GAMSAT, imene masukulu ena amafuna kwa anthu olowa ali ndi digiri kale. Kunalinso BMAT yomwe inali ndi sayansi, koma inatha mu 2023, ndiye Oxford, Cambridge, Imperial ndi UCL onse anabwera ku UCAT. Mukaona buku la BMAT pa shopu ya zakale musagule.

Bambo a Mphatso (Northampton): Pepani ndikhotetse pang'ono. Ife tinabwera mu 2022 pa viza ya care. Mphatso ali Year 11, nayenso akuimba nyimbo ya udokotala. Ndimaganiza kuti vuto ndi mayesowa basi, koma wina kutchalitchi wandiuza kuti fizi yake tidzalipira ngati alendo. N'zoona?

Anti Nabanda (Glasgow): Bambo, khalani pansi kaye. Nkhani imeneyo ndi yaikulu kuposa kosi. Ku England mwana wowerengedwa ngati wa konkuno fizi inaikidwa pa £9,535 pachaka kuyambira Sepitembala 2025, ndipo amatha kutenga ngongole ya boma. Wowerengedwa ngati wakunja, udokotala masukulu ambiri ndi kupitirira £40,000 pachaka, ena kuposa £50,000, ngongole ya boma palibe, komanso malo a akunja ndi ochepa kwambiri. Kuti akuwerengeni wa konkuno, kukhala zaka zitatu kokha sikukwanira, pamafunikanso mapepala okhazikika, ILR ija. Mwana wa pa viza ya kholo lake yogwirira ntchito nthawi zambiri amagwera mbali ya akunja, ngakhale GCSE walembera konkuno. Werengani zaka zanu bwino, muone kuti ILR ikubwera liti ndipo Mphatso akumaliza Year 13 liti. Mabanja ena mwana amadikira chaka dala. Funsani a UKCISA, ndi amene amalongosola malamulo amenewa, ndiponso lemberani sukulu imene mukuifuna.

Bambo a Mphatso (Northampton): Mayo ine. Ndiye ndikanagula makosi ndisanadziwe zimenezi. Zikomo anti, ndikambirana ndi mayi ake usiku uno.

Mayi a Tadala (Leicester): Limbani mtima bambo. Ife tinabwera mu 2019, ILR tinapeza chaka chatha tonse ndi Tadala, apo ayi bwenzi nkhani ino ndisanaiyambe n'komwe.

Mlembi wa gulu: Nkhani ya fizi ndi mapepala ndi yofunika, ndiitsegulira ulusi wakewake mawa kuti isasokonekere ndi ya kosi. Pitirizani.

Bambo a Yankho (Luton): Chabwino, ndavomera kuti kapepala ka pafiriji kali ndi vuto. Koma ndisagonje ndi zonse. Ngati pali malo amene ndalama inandithandiza kwambiri ndi pa intavyu. Yankho ndi mwana woti akamayankhula ndi wamkulu amayang'ana pansi, ndi mmene tinamulerera. Ma intavyu ambiri masiku ano ndi aja amati MMI, umazungulira timatebulo, paliponse mphindi zochepa, pena ukupeza munthu akuchita sewero loti ndi wodwala wokwiya. Tinalipira kuti ayeserere kamodzi, anamujambula vidiyo, anadziona yekha akuyankhula ndi nsapato zake. Ndiye Mayi a Tadala, ngati muli ndi £395, musaimalize pa UCAT. Sungani ina ya Novembala ndi Disembala. Palinso matikiti a sitima opitira ku ma intavyu.

Thoko: Apo ndiye tagwirizana ankolo. Ndipo intavyu yoyeserera ine ndi anzanga awiri tikhoza kuwachitira ana a m'gulu lino ulere pa Zoom, nthawi yake ikafika. Anti, zina zoti muchite mwezi uno: Tadala atsegule akaunti ya UCAT, kulembetsa kwayamba kale mu Meyi muno, kusankha tsiku kumatsegulidwa mu Juni ndipo masiku abwino amatha msanga. Mayeso amayamba mu Julaye mpaka chakumapeto kwa Sepitembala. Ine ndimalangiza chapakati kapena kumapeto kwa Ogasiti, sukulu isanatsegulidwe, chifukwa Year 13 ikangoyamba aphunzitsi sakumverani chisoni. Kulemba ndi £70 kuno ku UK. Ngati mwana amalandira chakudya chaulere kusukulu kapena 16 to 19 Bursary, pali thandizo loti asalipire. Amene ana awo amapatsidwa nthawi yowonjezera pa mayeso akusukulu, apemphe msanga, ku UCAT nakonso iliko koma pamafunika umboni. Ndipo fomu ya UCAS, yofunsira malo ku mayunivesite, ya udokotala imatsekedwa pa 15 Okutobala, malo anayi okha mwa asanu amene umasankha pafomupo ndi amene angakhale a udokotala. Ubwino wake malikisi a UCAT amakhala ali m'manja musanasankhe masukulu, ndiye mumasankha molingana ndi zomwe wapeza. Masukulu ena amayang'ana kwambiri UCAT, ena amaphatikiza ndi GCSE.

Afunsenso kusukulu kwake. Masukulu ena ali ndi kagulu ka ofuna udokotala, ndipo mayunivesite ali ndi mapulogalamu aulere a ana ochokera m'mabanja ndi m'madera amene sapita kwambiri ku yunivesite. Ena mwa iwo amaphunzitsanso UCAT yomweyo.

Mayi a Tadala (Leicester): Ndabwerera abale. Ndawaimbira a kampani aja m'mawa uno nditaweruka. Ndafunsa funso la Thoko lija. Mtsikana woyankha foni anati adikire afunse, ndinamva akutembenuza mapepala, kenako anati mafunso 29 mphindi 31. Ndinati zikomo, ndiganizira. Za kuchuluka kwa ana m'kalasi anati zimatengera. Ndiye ndakambirana ndi Tadala. Poyamba nkhope inagwa, akuti mnzake uja walipira kale ndipo amafuna apitire limodzi. Ndamuonetsa zonse mwalemba muno. Pa nkhani ya Anti Nabanda ya dokotala wonunkha mowa waseka mpaka kugwetsa supuni, akuti iyenso akanangokhala chete. Tagwirizana kuti Loweruka alemba mayeso oyeserera aulere aja ndi nthawi yake, tione pamene ali.

Thoko: 29 pa 31 ndi za chaka chatha anti kkkk. Loweruka limenelo musamuyang'ane nkhope akamaliza, mungomuphikira.

Mayi a Wongani (Coventry): Ngati Tadala akufuna mnzake wokonzekera naye, Wongani alipo. Azilemba nthawi imodzi aliyense kwawo kenako aziimbirana kufananiza. Payekha amagwa ulesi.

Mayi a Tadala (Leicester): Zikomo asisi, ndikutumizirani nambala kumbali. Loweruka ladutsa. Ndinatseka chitseko cha kukhitchini, foni yake ndinaika m'thumba la yunifolomu yanga, azing'ono ake ndinawatumiza kupaki. Verbal Reasoning sanamalize, akuti ndime zitatu zomaliza anangolota. Masamu omwe ndimadalira aja ndiye anamugwetsa kwambiri, akuti kakyuleta ija inamudyera nthawi. Decision Making yokha ndi imene wachita bwino. Anatuluka maso ali psuu, anadya nsima osayankhula. Madzulo ndinamupeza akudula mizere m'kope latsopano, pamwamba walemba kuti zolakwa zanga. Kiyibodi ndagula dzulo, £9. Mafunso a pa intaneti tilipira kumayambiriro kwa Julaye akamaliza mayeso a kusukulu. Fizi ya kumudzi ndatumiza.

Bambo a Yankho (Luton): Mwaona? Mantha aja afika ndithu, kungoti inu mwawapeza motchipa. Koma ndikuchenjezeni, mlungu wachitatu ndi umene amafooka. Mudzandiuza.

Ankolo Phiri (Manchester): Pa masamuwo mutumizeni kwa ine Lachitatu lililonse madzulo, theka la ola pa foni, tizichita za pamtima. Malipiro anga ndi chambiko cha ufa woyera mukadzapita kumudzi.

Mayi a Tadala (Leicester): Kkkk ankolo ufa mudzaupeza, ndi usipa womwe. Thoko, funso lomaliza. Pa malo olembera aja akufuna chiphaso chanji? Pasipoti yake ya Malawi ikutha mu Julaye, ndipo mukudziwa mmene kukonzetsa kumachedwera.

Thoko: Anti imeneyo ndiye ithamangireni lero. Amafuna chiphaso chenicheni chokhala ndi chithunzi, chosatha ntchito, osati fotokope kapena chithunzi cha pafoni, ndipo dzina lifanane ndendende ndi limene walembetsa pa akaunti. Chikapanda kutero amakubweza pakhomo ndipo £70 ija yapita. Poti wakwanitsa zaka 17, mufunsireni provisional licence ya galimoto, imeneyo amalandira ndipo imabwera msanga kuposa pasipoti. Polembetsa alembe maina onse monga alili pa chiphasocho, lapakati lomwe.

Mayi a Tadala (Leicester): Lapakati lija amadana nalo, la agogo ake. Alilemba basi.